Khadi Lakale la a Musasunthe

Situdiyo ya a Musasunthe inali kachipinda kopapatiza kunsi kwa masitepe a nyumba yosanja, pakati pa telala ndi shopu yometera. Mkatimo munali benchi lokwana anthu asanu akapanikizana, nsalu ziwiri zolendewera kukhoma, yoyera ndi yabuluu, kampando kopanda choyedzamira, galasi, chipeso, ndi jekete lakuda lomwe linali litavalidwapo ndi theka la amuna a m'deralo pojambulitsa zithunzi za ziphaso. Dzina lawo lenileni linatsalira m'mapepala. Kwa zaka makumi atatu ankauza aliyense wokhala pakampandopo kuti, "Chibwano m'mwamba pang'ono. Musasunthe!" ndipo mawuwo anawakakamira ngati chisoso pa thalauza, moti ngakhale akazi awo akapsa mtima ankawaitana choncho.

Pa ntchito yawo anali katakwe. Munthu wobwera ndi nkhope ya maliro ankatuluka ndi chithunzi choti n'kupezera ntchito. Koma luso lawo lonse linali la zinthu zoima. Chithunzi chimodzi, kupuma, kukonza kolala, kenako china. Phuma sankalidziwa, ndipo sankaona chifukwa choti munthu wina awaphunzitse kanthu pa zojambula.

Amene anabweretsa liwiro m'banjamo anali akazi awo, omwe aliyense ankawatcha Aphunzitsi ngakhale anali atapuma ntchito. Zaka ziwiri m'mbuyomo anagwa m'khitchini akutsuka mbale, ndipo atatuluka m'chipatala mwendo wakumanzere unkachita kukokedwa ngati wobwereka. Dokotala anati mankhwala aakulu n'kuyenda. Anayamba ndi ndodo, kuchoka pakhonde kufika pageti. Kenako kuchoka pageti mpaka pamphambano. Tsiku lina ndodoyo anaiiwala kuseri kwa chitseko ndipo sanaifunsenso. Chaka chisanathe anali atalowa m'gulu la amayi othamanga m'mawa pabwalo la sukulu. Tsopano, ali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi ziwiri, anali atalembetsa mpikisano wa makilomita asanu wa amayi achikulire.

Ana awo atamva zimenezi anasonkherana n'kuwagulira bambo awo kamera yatsopano, yoti ijambule amayi awo patsikulo. Inali kamera yaukali. Ukadina batani osachotsa chala, inkajambula zithunzi makumi awiri pa sekondi imodzi, ikulira trrrrr ngati makina a telala woyandikana nawo uja. A Musasunthe anaikonda ngati mwana wobadwa muukalamba. Anaipukuta, anaisokera kachikwama, anaionetsa kwa aliyense wolowa m'situdiyo, ngakhale wongofunsa njira.

Chimodzi chokha sanasinthe. Anatulutsa memore khadi m'kamera yawo yakale n'kulilowetsa m'yatsopanoyo. Khadilo linali la zaka khumi ndi chimodzi, zolemba zake zitafufutika ndi thukuta la zala, koma kwa iwo linali bwenzi la pamtima. Silinawatayirepo chithunzi ngakhale chimodzi.

Kutsidya kwa msewu kunali kashopu ka mlamu wawo, mng'ono wa Aphunzitsi, yemwe ankakonza mafoni ndi makompyuta. Anali mayi wa manja opepuka ndi pakamwa pakuthwa, ndipo iye ndi a Musasunthe sankatha tsiku osalumana ndi mawu. Lachitatu, kutatsala masiku atatu kuti mpikisano uchitike, anawoloka msewu kudzaona kamera yotchukayo. Anaitembenuza, anatsegula kachitseko ka m'mbali, natulutsa khadi lija n'kuliyang'ana ngati wapeza mphemvu m'tiyi.

"Alamu, ichi n'chiyani?"

"Khadi. Kapena kusukulu kwanu ya mafoni sanakuonetseni?"

"Ili si khadi, ili ndi gogo wa makhadi. Mwagula galimoto yampikisano n'kuimanga mateyala a wilibala."

"Limalowa zithunzi masauzande limenelo," anatero a Musasunthe akulilanda. "Silinadzazepo."

"Sindikunena za mimba, alamu, ndikunena za kukhosi. Munthu atha kukhala ndi chimimba ngati mgolo, koma kukhosi kuli ngati kwa singano. Ameza bwanji?"

Ataona kuti mlamu wake wakwinya nkhope, anawalozera benchi la makasitomala.

"Taonani apa. Kamera iyi ikamajambula mothamanga, zithunzi sizifikira pakhadi. Zimayamba zakhala pa kabenchi kena mkati mwa kameramo, ngati anthu anu amadikirira apa, ndipo khadi limazilandira chimodzichimodzi. Khadi likakhala lachangu, kabenchiko sikadzaza msanga, ndipo kakadzaza sikachedwa kupungula. Koma likakhala laulesi ngati ili, anthu amaunjikana, benchi n'kudzaza, kamera n'kutseka chitseko. Mudzadina batani mpaka chala kuchita dzanzi, iyo ili duu, kudikira gogoyu amalize kutafuna. Komanso ndaona mwaitchera kuti izijambula zithunzi zolemera kwambiri."

"Ndikufuna ndidzatsuke chachikulu, chokwana khoma."

"Ndiye mwawirikiza katundu pamsana pa nkhalamba. Ndili nalo lachangu kushopu. Tengani, mudzandibwezera Lolemba."

A Musasunthe anabwezera khadi lawo, analoza kamera kumsewu, nadina batani kwa kanthawi kochepa. Trrr. Anamuonetsa mlamu wawoyo zithunzi khumi za munthu wodutsa pa njinga, zonse zowala bwino.

"Chitseko chatsekedwa pati?"

"Gwirani batanilo nthawi yaitali muone."

"Ndiwononge batire chifukwa cha inu? Alamu, ine ndinayamba kujambula inu mukuyamwa chala. Kakonzeni mafoni a anthu."

Mlamuyo anaseka, naimika manja m'mwamba ngati wogonja. Ali pakhomo anacheuka.

"Ndanena ndatha. Koma achemwali anga akadzalira, ine ndidzakhala mboni ya boma."

Loweruka kunacha bwino, kopanda mtambo. Aphunzitsi anakhala pa sitepe ya khonde akumanga zingwe za nsapato, nambala yawo itamatidwa kale pachifuwa. Amuna awo anaima pambali atavala chovala cha matumba ambiri ngati mtolankhani, kamera ili pakhosi.

"Bambo," anatero Aphunzitsi osadzutsa mutu, "ine sindikufuna zambiri. Chimodzi chokha, ndikudutsa pamzere womaliza. Kaya ndikhala wotsiriza, bola ndidutse ndi miyendo yanga."

"Chimodzi? Mayi, ndikupatsani makumi asanu ndi limodzi. Mudzachita kusankha ngati nsalu pamsika."

Kubwalo la masewero kunali anthu osaneneka. Amayi okwana makumi atatu anandanda pamzere woyambira, ena akudziwongola, ena akupemphera. Pakati pawo panali mnansi wawo wogulitsa nsapato, mayi wamtali, wa mawu ngati belu, yemwe anzake a m'gulu ankamutcha Mphenzi chifukwa cha mayambidwe ake. Tsikulo anavala nsapato zachikasu zonyezimira ndipo ankauza aliyense kuti akamaliza apita kunyumba, akasambe, abwerenso kudzalandira anzake.

Wenzulo italira, a Mphenzi anafwanthuka ngati aona njoka. A Musasunthe anajambula kunyamukako kwa masekondi awiri. Atatsitsa kamera anaona kanyali kofiira kakuphethira kumbuyo kwake, ndipo kanaphethira nthawi yaitali ndithu, gulu lonse mpaka kutuluka pageti kulowa m'misewu. Mtima unawauza kanthu, koma anauyankha kuti kamera yatsopano ili ndi makhalidwe ake. Anapita kukaima pafupi ndi mzere womaliza, pamalo abwino kuposa onse, nakankha ndi chigongono aliyense wofuna kuwatchinga. Mlamu wawo anaima kumbuyo kwawo, foni yake yong'aluka galasi ili m'manja.

Panadutsa theka la ola ndi mphindi zingapo. Kenako kugeti kunamveka phokoso. Woyamba kulowa anali a Mphenzi, koma sanalinso mphenzi ija. Nsapato zachikasu zinkakwekwereza pansi ngati zathiridwa simenti, pakamwa pali yasa, mutu ukugwedera uku ndi uku. Kumbuyo kwawo, mtunda wa mapazi ngati makumi atatu, kunkabwera kamayi kafupi ka imvi, kakuponda mofanana, phazi ndi phazi, ngati wotchi ya pakhoma.

"Achemwali!" anakuwa mlamu uja. "Ndi achemwali amenewo!"

A Musasunthe magazi anathamangira kumutu. Zaka makumi atatu za kudekha zinauluka ngati mbalame. Othamangawo anali asanamalize n'komwe kukhota kotsiriza, akali kutali, koma chala chinagwera pabatani n'kukakamira pomwepo. Trrrrrrrrr. Kamera inaimba nyimbo yokoma kwa masekondi atatu. Kenako inati tcha. Inapuma. Tcha. Inapumanso nthawi yaitali. Kanyali kofiira kaja kanayaka osaphethiranso.

Anadina mwamphamvu. Zii. Anachotsa kamera kumaso n'kuyang'ana kagalasi ka kumbuyo, ndipo kanangowauza kuti adikire. Anadina mabatani ena onse, osayankha. Mwamantha anaizimitsa kuti aiyatsenso, koma kamera yomwe ikali kutsitsira zithunzi pakhadi sizima ndipo sijambula. Anaigwedeza. Anaiuzira mpweya. Anaimenya pang'ono ndi chikhatho monga amachitira ndi wailesi.

"Tamaliza iwe! Tamaliza, ndakupemba!"

Bwalo lonse linaphulika ndi chisangalalo. Anthu analumpha, ena anaponya zipewa m'mwamba. A Musasunthe atadzutsa mutu anaona akazi awo ali kale tsidya lina la mzere, atagwira mawondo, riboni yoyera itawakulunga m'chiuno. Anali atapambana. Anawapitirira a Mphenzi pamapazi khumi otsiriza, pamaso penipeni pa amuna awo, amunawo akukambirana ndi kanyali.

Aphunzitsi atapezako mpweya anathamangira amuna awo n'kuwakumbatira, thukuta ndi misozi zitasakanikirana.

"Bambo, ndapambana! Ine! Mwandijambula?"

"Zilimo," anatero a Musasunthe, mawu akutuluka mopyapyala. "Zilimo zambiri."

Sanali kunama kwenikweni, ndipo n'chimene chinkawawawa kwambiri.

Masana amenewo pabalaza panadzaza. Ana ndi adzukulu anakhala pansi, amayi a gulu lothamanga anapanikizana pamipando, a Mphenzi anatambalala pakona mapazi ali m'beseni la madzi ofunda. Mendulo inkayenda m'manja ngati khanda. Mwana wawo woyamba analumikiza kamera ku TV, ndipo a Musasunthe anakhala pafupi ndi chitseko ngati munthu amene akudikira basi.

Zithunzi za ponyamuka zinakoma, anthu anaombera m'manja. Kenako zinabwera za pomaliza. Choyamba chinaonetsa bwalo lalikulu, udzu wobiriwira, ndi timadontho tiwiri patali.

"Agogo ndi ati?" anafunsa mdzukulu wina.

"Kadontho kakumbuyoko," anayankha mlamu uja. "Dikira, akubwera."

Chachiwiri chinali chimodzimodzi. Chachitatu chimodzimodzi. Anadutsa zithunzi makumi asanu ndi limodzi, timadontho tija tikukula pang'onopang'ono ngati nyemba zonyikidwa m'madzi, ndipo pa zonsezo a Mphenzi anali patsogolo.

"Imani pomwepo!" anakuwa a Mphenzi ali m'beseni. "Umboni ndi umenewo! Malinga ndi kamera, wapambana ndine. Bweretsani mendulo yanga!"

Nyumba inagwedezeka ndi phwete. Panatsala zithunzi ziwiri. China chinaonetsa Aphunzitsi akali kumbuyo, nkhope itabisika ndi phewa la a Mphenzi. Chotsiriza chinali chowala bwino kuposa zonse: nsapato ziwiri zakuda za a Musasunthe, zopolishidwa, zitaima paudzu.

Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola. Aphunzitsi nawo anaseka, koma kuseka kwawo kunatha msanga. Anatembenukira kuchitseko.

"Chithunzi chilibe kanthu, bambo. Koma inu munandiona, eti? Munaona mmene ndinamupitirira?"

A Musasunthe akanatha kungogwedeza mutu nkhani n'kutha. Koma anakumbukira mmene ankawagwirira mkono mayiwa masiku a ndodo aja, kuwerenga nawo mapazi kuchoka pakhonde kufika pageti, ndipo bodza linakana kutuluka.

"Sindinakuoneni, mayi. Maso anga anali pa kamera. Alamu anandichenjeza za khadi, ine ndinauma mutu. Ndakulakwirani."

Aphunzitsi anayang'ana mendulo yomwe inali pamiyendo pawo. Sanalire, koma aliyense m'chipindamo anapeza choyang'ana pansi.

Mlamu uja anakonza kukhosi.

"Ine ndinalonjeza kukhala mboni ya boma," anatero akutulutsa foni yake. "Koma mboni imabwera ndi umboni. Sunthani, ndilumikize."

Inali vidiyo yogwedera, yojambulidwa ndi dzanja la munthu amene akulumpha. Theka la chithunzi linali dazi la a Musasunthe, likunyezimira padzuwa, litaweramira kamera. Koma pamwamba pa dazilo, ngati dzuwa likutuluka kuseri kwa phiri, panaoneka Aphunzitsi. Anafika paphewa pa a Mphenzi, anawayang'ana kamodzi, nakweza mawondo ngati mtsikana. Mwendo wakumanzere uja unkaponda molimba ngati unzake. Ndipo pamene ankadula riboni, manja ali m'mwamba, mawu omveka bwino kuposa onse m'vidiyomo anali a amuna awo:

"Tamaliza iwe! Tamaliza, ndakupemba!"

Aphunzitsi anagwira pakamwa, kenako anaphulika ndi kuseka mpaka mendulo kugwa pansi.

"Ndiye mwati simunandichemerere? Tamverani mmene akundilimbikitsira amuna anga!"

Anaibwereza vidiyoyo kasanu ndi kawiri. Adzukulu anayamba kuthamanga kuzungulira tebulo akukuwa kuti tamaliza iwe, tamaliza. A Musasunthe anachoka pachitseko paja n'kudzagwada pafupi ndi TV, mphuno itatsala pang'ono kugunda galasi, akuonerera akazi awo akupambana. Ulendo wachinayi anavula magalasi n'kumapukuta m'maso ndi kansalu kopukutira kamera.

Lolemba m'mawa, asanatsegule situdiyo, anawoloka msewu chipewa chili m'manja, kamera ili pakhosi. Mlamu wawo anawaona akubwera ndipo ananamizira kutanganidwa ndi foni ya kasitomala.

"Takulandirani, bwana. Foni yavuta?"

"Alamu, musandizunze. Ndabwerera khadi."

"Khadi lanji? Inu muli nalo lalikulu, losadzaza."

"Lakukhosi kwakukulu," anatero a Musasunthe motsitsa mawu.

"Sindinamve. Ndinkayamwa chala."

Anawaseka mokwanira, kenako anawakhazika pampando n'kuwaonetsa timanambala tolembedwa pakhadi latsopano, kuti iyi ikunena kukula, koma iyi ndiyo ikunena liwiro lolandirira zithunzi. Analilowetsa m'kamera nawauza kuti agwire batani osachotsa chala. Trrrrrrrrrrrr. Kamera inaimba nthawi yaitali, ndipo itayamba kutopa, anangochotsa chala pang'ono, kanyali kofiira kanaphethira kangapo n'kuzima.

"Komabe musadalire khadi lokha," anatero mlamuyo. "Ngakhale benchi la kubwalo la ndege limadzaza. Dikirani chimene mwabwerera, ndiye mudine."

Kuyambira tsiku limenelo, gulu la amayi othamanga linapeza membala wamwamuna. M'mawa uliwonse a Musasunthe ankaima pakona ya bwalo la sukulu kuphunzira ntchito imene ankati anaimaliza kalekale. Anaphunzira kutsatira munthu ndi kamera chala chili m'mwamba, kumuleka ayandikire, ayandikirenso, mtima ukukuwa kuti dina, iwo osadina. Amayiwo ankawaseka podutsa, akuwauza kuti chibwano m'mwamba pang'ono. A Mphenzi nawo anali pasukulu yawoyawo. Anasiya kufwanthuka, nayamba kuthamanga pambali pa Aphunzitsi, akung'ung'udza njira yonse kuti liwiro lotere n'la operekeza mkwatibwi.

Patatha miyezi iwiri kunachitika mpikisano wina waukulu, wa magulu ochokera m'madera ambiri. Kumeneko kunali akatswiri enieni, amayi owuma ngati nsungwi, ndipo za mendulo panalibe amene ankaziganiza. Aphunzitsi ndi a Mphenzi analowa m'bwalo limodzi, wachisanu ndi chiwiri ndi wachisanu ndi chitatu, mapewa akugundana. A Musasunthe anawapeza m'kamera akali pokhota. Chala chinayabwa. Anachiletsa. Anawerenga mapazi chamumtima, anawaleka adutse mbendera yoyamba, adutse yachiwiri, mpaka nkhope ya akazi awo inadzaza kagalasi, ndipo anaona ndi diso lawo mmene ankalumira mlomo wam'munsi. Pamenepo ndi pamene anadina.

Sekondi imodzi ndi theka zinakwana. Pa zithunzi makumi atatu zimene zinatuluka, panali chimodzi chimene a Musasunthe anachiyang'ana nthawi yaitali. Amayi awiri achikulire akudutsa mzere, mapazi onse anayi ali m'malere, a Mphenzi akukuwa kukamwa konse, Aphunzitsi akuseka ngati mwana amene waba shuga.

Anthu anaunjikana kudzaona pa kagalasi ka kamera, mitu ikugundana. A Mphenzi anafika akupuma mwa befu, nayang'anitsitsa.

"Apa ndiye mwajambula, achimwene. Koma taonani bwino, mphuno yanga ili patsogolo."

"Mphuno yanu imakhala patsogolo ngakhale mutakhala pansi," anayankha Aphunzitsi, natenga kamera m'manja mwa amuna awo kuti adzionere okha. Anayang'ana, anayang'ananso, kenako anatsamira mutu wawo wonyowa ndi thukuta paphewa pa amunawo, pamaso pa anthu onse, osasamala kuti adzukulu akuona.

Kamera ija inali ndi liwiro kuyambira tsiku loyamba, monganso a Mphenzi anali nalo. Koma liwiro lotsanulira m'khosi lopapatiza limangotayikira pansi, ndipo chala chofulumira chimadya mphindi ya mwini isanafike. Akuluakulu anaziona kale zimenezi, makamera asanabwere, pamene anati kuthamanga si kufika.